Mbiri ya malemu Samuel "Zoom" Ndhlovu ndi timu ya Mufulira Wanderers

Timu ya Mufulira Wanderers, imene inayamba m'caka ca 1953 monga timu ya anchito a pamgodi, yalawako ulemerero ndi umphawi womwe. Inatenga cikho ca ligi ya dziko lino kasanu ndi kanayi, koma inakhalanso zaka zisanu ndi zinayi mu ligi yaing'ono ya Division One. Mbiri ya timuyi siingakambidwe popanda dzina la malemu a Samuel Ndhlovu, amene ocemerera mpira anali kuwacha kuti Zoom.

A Ndhlovu anabadwira ku Luanshya pa 27 September 1937, ndipo anakulira ku Mufulira, m'cigawo ca kumigodi. Masiku amenewo makampani a migodi ndiwo anali kumanga mabwalo ndi kusamalira matimu, kuti anchito ndi ana ao akhale ndi cocita akaweruka. Umu ndi mmene mnyamatayu anaphunzirira mpira, kufikira analowa timu yaikulu ya mgodi wa Mufulira asanakwanitse zaka 20.

Dzina la Zoom linabwera cifukwa ca kasewedwe kao. Anali katswiri wonyenga adani ndi mpira kumapazi, nadutsa pakati pao mwaliwiro.

Pamene ligi ya dziko lonse inayamba mu 1962, Wanderers siinacedwe kuonetsa mphamvu zake. Inatenga cikho ca ligi mu 1963, 1965, 1966, 1967 ndi 1969. A Ndhlovu anali mtima wa timu imeneyo, pamodzi ndi anzao monga Dickson Makwaza, George Sikazwe, Elijah Mwale ndi goloboyi Tolomeo Mwansa. Mu 1965, anyamata ovala zobiriwira ndi zoyerawa anagonjetsa City Wanderers ya ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndi zigoli 4 kwa 3 pa mpikisano wa Super Castle Cup.

Mu 1964, caka cimene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira, a Ndhlovu anasankhidwa kukhala katswiri wa zamasewera woposa onse m'dziko lino. Anakhalanso kaputeni wa timu ya dziko. M'zaka zomwezo anapatsidwa udindo wophunzitsa Wanderers pamene iwo eni anali akali kusewera.

Atapacika nsapato, sanacoke pa bwalo la Shinde. Nchito yao inakhala yofunafuna ndi kuumba anyamata. Pa bwalo limeneli panadutsa Kalusha Bwalya, Charles Musonda, Johnson Bwalya, Ashios Melu ndi goloboyi Efford Chabala, amene onse anadzatumikira timu ya dziko.

Zipatso za nchitoyi zinaoneka mu 1988, a Ndhlovu ali mphunzitsi wa timu ya Zambia pa masewera a Olympic ku South Korea. Zambia inalepherana ndi Iraq 2 kwa 2, kenaka inadabwitsa dziko lonse lapansi pokwapula Italy 4 kwa 0. Kalusha anagoletsa zigoli zitatu pa masewerawo, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Africa. Zambia inagonjetsanso Guatemala 4 kwa 0, isanagonje kwa West Germany mu ndime ya makota fainolo.

Mu 1990 a Ndhlovu anafikitsa Zambia pa nambala 3 pa mpikisano wa cikho ca Africa ku Algeria, ndipo mu 1991 timuyi inatenga cikho ca maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa ku Uganda.

Koma mpando wa mphunzitsi sukhalitsa. Kumapeto kwa 1992, Zambia itagonja kwa Madagascar pa masewera olimbirana malo ku cikho ca dziko lonse, a Ndhlovu anacotsedwa nchito, ndipo pambuyo pake a Godfrey Chitalu anakhala mphunzitsi wa timuyi. Patapita miyezi inayi, pa 27 April 1993, ndege imene inanyamula timuyo paulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja kufupi ndi Gabon. Anthu onse 30 anafa, pakati pao osewera 18, kuphatikizapo Chabala. A Ndhlovu anatsala, nalira ana amene anawaphunzitsa okha.

Pambuyo pake anakagwirako nchito yophunzitsa mpira ku Botswana, nabwereranso kwao ku Mufulira, kumene anamwalira pa 10 October 2001 ali ndi zaka 64.

Anamwalira pa nthawi imene mpira wa kumigodi unali pa mavuto. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa m'caka ca 2000, thandizo limene matimu anali kudalira linacepa kwambiri. Wanderers, imene inatenga ligi komaliza mu 1996, inayamba kufooka, ndipo mu 2005 inatsikira mu Division One. Kumeneko inali kusewera ndi matimu ang'onoang'ono pa mabwalo a fumbi, osewera ake abwino akutengedwa ndi matimu a ndalama.

Ngakhale zinali tero, timuyi siinafe. Anthu a ku Mufulira, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a amene anaonerera Zoom akusewera, sanaleke kupita ku Shinde kukacemerera. Mu 2014 Wanderers inapambana mu gulu lake, ndipo mu 2015 inaseweranso mu ligi yaikulu, patapita zaka 14 a Ndhlovu atamwalira.