Rudolf Diesel, mwini dzina la mafuta a kuchigayo

Mukamva chigayo cha dizilo chikulira ku Chipoka, kapena lole ikudutsa mumsewu wa M5, dziwani kuti mafutawo anatengera dzina la munthu.

Rudolf Diesel anabadwira ku Paris mu 1858. Makolo ake anali ochokera ku Germany. Chinkamuwawa mtima n'chakuti injini za nthunzi zinkangomwaza malasha: pa mphamvu 100 zilizonse, pafupifupi 10 zokha ndizo zinkagwira ntchito.

Mu 1897, mumzinda wa Augsburg, injini yake inafika pa 26. Injiniyi imapanikiza mpweya mpaka kutentha kwambiri, mafuta n'kuyaka okha popanda pulagi. Kupanikizako n'kumene kumathandiza kuti lita ya dizilo ikufikitseni kutali kuposa ya petulo.

Diesel anasowa mu 1913 ali pasitima yapamadzi yopita ku England.

Koma injini yakeyi ili ndi vuto la utsi. Mu 2012, nthambi ya WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Choncho mukapita kukagayitsa, musaime ndi mwana kumsana pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo akumbutseni anzanu pamzerepo.