Gertrude Kamkwatira

Gertrude Webster Kamkwatira (anabadwa cha m'ma 1966, anamwalira mu 2006) anali katswiri wa zisudzo wa ku Malawi. Ankasewera pa siteji, kulemba masewero komanso kuwatsogolera, pa nthawi imene ntchitoyi inali m'manja mwa amuna.

Anatchuka ali m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, lomwe Du Chisiza Jr anayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Gululi linkachita zisudzo m'Chingerezi, mosiyana ndi magulu ngati Kwathu omwe ankasewera m'Chichewa, ndipo anthu a mu Blantyre ankakaonera masewero otere ku French Cultural Centre. Du Chisiza atamwalira mu February 1999, Kamkwatira ndiye anatenga utsogoleri wa Wakhumbata. Sichinali chinthu chapafupi, chifukwa anthu anazolowera kuona gululo ndi mwini wake ngati chinthu chimodzi. Pambuyo pake anachokako n'kuyambitsa gulu lake, Wanna-Do Ensemble Theatre.

Ena mwa masewero ake ndi It's My Fault, Jesus' Retrial ndi Breaking the News. Ankakonda kulemba za zinthu zomwe mabanja amabisa, monga nkhanza za m'banja, kuponderezedwa kwa amayi ndi matenda a Edzi, omwe pa nthawiyo ambiri ankaopa kuwatchula dzina ngakhale pa maliro.

Anakhalaponso mtsogoleri wa bungwe la National Theatre Association of Malawi. Anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 40, patangotha zaka zisanu ndi ziwiri Du Chisiza atamwalira.