Bambo Leonard Kamungu: Wansembe Amene Ankapemphera Pomwe Palibe Womuona

Pa 27 February 1913 ku Msoro, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, kunamwalira wansembe wa mpingo wathu dzina lawo Bambo Leonard Mattiya Kamungu. Anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 36, atatumikira kumeneko zaka ziwiri zokha. Papita zaka zoposa 100 tsopano, koma dzina lawo silinazilale. Mbiri yawo ikutiphunzitsa kumene munthu amatenga mphamvu akakhala yekha, kutali ndi abale ndiponso kutali ndi omulimbikitsa.

Bambo Kamungu anabadwa m'chaka cha 1877 m'mudzi wa Chia, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Masiku amenewo malonda ogulitsa anthu anali asanathe, ndipo midzi ya kunyanja inkakhala mwamantha. Amishoni a UMCA, omwe poyamba anafika ku Magomero m'chaka cha 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, anali atasamukira ku Zanzibar. Anabweranso kunyanja ndi kukhazikika pa chilumba cha Likoma m'chaka cha 1885. Kuchokera kumeneko Bambo William Percival Johnson ankayendera midzi pa sitima yotchedwa Charles Janson, kutsegula masukulu ndi kusiyamo aphunzitsi. M'masukulu a mishoni amenewa ndi momwe mnyamata Leonard anaphunzira kuwerenga ndi kumva Uthenga Wabwino.

Ataona nzeru ndi khalidwe lake, amishoni anamutumiza ku Zanzibar, ku sukulu ya St Andrew's ku Kiungani. Anaphunzira za unsembe m'manja mwa Bambo Frank Weston, omwe pambuyo pake anakhala bishopu wa Zanzibar, munthu wodziwika ndi kupemphera ndi kudziletsa. Moyo wa m'masukulu a UMCA unkayendera belu la tchalitchi: mapemphero a m'mawa, Misa, mapemphero a madzulo, nthawi yokhala chete ndi kudzifufuza mumtima. Akulu anati m'mera mpoyamba. Chizolowezi chimene anachiphunzira ali mnyamata ndicho chinawasunga atakula.

Atabwerera kunyanja anadzozedwa kukhala dikoni m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1909 anadzozedwa unsembe. Anali mmodzi mwa ansembe oyamba achikuda a dayosizi ya kunyanja. Anatumikira ku Nkhotakota ndi ku Lungwena m'boma la Mangochi, madera amene anthu ambiri anali Asilamu ndipo otembenuka ankabwera mmodzimmodzi. Ntchito yotere imafooketsa munthu amene chimwemwe chake chimadalira kudzaza kwa tchalitchi. Bambo Kamungu sanakwatire moyo wawo wonse, chinthu chachilendo kwambiri pa mwambo wathu, ndipo anadzipereka kwathunthu ku ntchito ya Mulungu.

M'chaka cha 1910 panakhazikitsidwa dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia, yomwe lero ndi dziko la Zambia. Bishopu wake woyamba anali John Edward Hine, dokotala wa zachipatala yemwe kale anali bishopu ku Likoma. Dayosiziyo inali yaikulu koma antchito anali ochepa. Bambo Kamungu anavomera kusiya nyanja, abale ndi akhristu owazolowera, ndipo m'chaka cha 1911 anafika ku Msoro, pakati pa anthu a mtundu wa Akunda, kumadzulo kwa tauni ya Fort Jameson yomwe lero ndi Chipata. Ndi dera lotentha la kufupi ndi chigwa cha Luangwa, la malungo ndi zilombo zolusa, ndipo maulendo ankakhala apansi.

Apa mpomwe pagona phunziro lathu. Ku Likoma kunali ansembe anzawo, kwaya ndi tchalitchi chachikulu. Ku Msoro wansembe pamishoni anali iwo okha, ndipo bishopu anali kutali, ulendo wa masabata. Panalibe wowafunsa ngati apemphera kapena ayi. Buku la Mapemphero la mpingo wathu limalamula ansembe ndi madikoni kuchita mapemphero a m'mawa ndi a madzulo tsiku ndi tsiku, kaya pagulu kaya paokha. Lamulo limeneli limayesedwa pamene munthu ali yekhayekha. Amene analemba mbiri ya Bambo Kamungu amawakumbukira ngati munthu wa pemphero, wodzichepetsa ndi wosafuna zambiri za thupi. M'chaka cha 1914 mayi wina wa mishoni ya UMCA, Dora Yarnton Mills, anatulutsa buku la moyo wawo, umboni wakuti anthu amene anakhala nawo anaona mwa iwo chinthu choyenera kusungidwa.

Zipatso zinaoneka msanga. M'zaka ziwiri anatsegula masukulu m'midzi, anaphunzitsa ofuna ubatizo ndipo anabatiza akhristu oyamba a ku Msoro. Kenaka anadwala ndi kumwalira. Anthu ena akhala akukhulupirira kuti anawathirira mankhwala oipa m'chakudya. Mbewu yomwe anafesa sinafe: Msoro inakula nkukhala malo a tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Eastern Zambia, ndipo kuno kwathu sukulu yophunzitsa ansembe ya ku Zomba inapatsidwa dzina lakuti Leonard Kamungu Theological College.

Nanga ife amayi titengepo chiyani? Timakonda misonkhano, kuyimba, yunifomu yathu ndi kuyendera odwala, ndipo zonsezi nzabwino. Koma nkotheka kukhala wotanganidwa ndi ntchito za mpingo zaka 30 osamudziwa mwini mpingo. Munthu sumudziwa bwino pomuona pagulu pokha. Umamudziwa pokhala naye pansi, kumuuza zakukhosi ndi kumvetsera zomwe akunena. Pa Mateyu 6:6 Ambuye Yesu akutiphunzitsa kupemphera kwa Atate mseri, ndipo pa Marko 1:35 tikuwaona iwo eni akulawira kusanache kupita kwaokha kukapemphera.

Ndikudziwa kuti kuno ku Bvumbwe ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo nthawi ndi yosowa. Wina amadzuka mbandakucha kukathyola tiyi, wina kusenza ndiwo zamasamba kupita nazo kumsika, wina kukama ng'ombe, wina kusamalira odwala ndi ana amasiye. Ambiri tilibe chipinda choti nkudzitsekera. Koma mphindi 15 zimapezeka, kaya kukhitchini moto usanayake, kaya kuseri kwa nyumba ana atagona. Sankhani nthawi imodzi ndipo muisunge monga wodwala amasungira nthawi yomwera mankhwala, pakuti mankhwala omwa modumphadumpha sachiritsa. Werengani Salimo limodzi kapena ndime zochepa za Uthenga Wabwino. Thokozani, lapani, tchulani maina a anthu amene mukuwapempherera. Mukatero khalani chete pang'ono, musathamangire kudzuka. Masiku ena mtima udzauma gwa ndipo mudzaona ngati palibe akumva. Musaleke, pajatu kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsiku limafika kwa aliyense pamene kwaya kulibe, anzathu abalalika, maliro atha ndipo tatsala tokha m'nyumba. Bambo Kamungu anafika ku Msoro atamudziwa kale Mulungu amene amakhala ndi munthu pamalo otere. Tiyeni nafenso tiyambe lero kumudziwa, ndipo tiphunzitse ana ndi adzukulu athu kugwada paokha. Ambuye akudalitseni nonse.