Daniel Kachamba: Katswiri wa gitala la nsambo zisanu

Mnyamata wa pa chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa akatola chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya n'kukhoma gitala lake, amakhala akutsata mapazi a akatswiri omwe anatsogola kale. Mmodzi mwa iwo ndi malemu Daniel Kachamba, yemwe ambiri ankangomutchula kuti Dokotala.

Kachamba anabadwa m'chaka cha 1947 ndipo kwawo kunali m'mudzi wa Singano ku Chileka, m'boma la Blantyre. Bambo ake, a James Kachamba, nawo ankaimba gitala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, banjali linakakhala ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Nthawi imeneyo n'kuti chamba cha kwela chochokera ku South Africa chili m'fashoni, akatswiri ngati Spokes Mashiyane akuwiritsa matauni ndi kachitoliro kachitsulo. Kwelayo anatengera zambiri ku jazi wa ku America.

Atabwerera kumudzi, Daniel ndi mng'ono wake Donald anayambitsa gulu loimba. Daniel ankakhala pa gitala, Donald pa chitoliro, pomwe anzawo ankathandiza ndi babatoni wa nsambo imodzi komanso maseche. Ankaimba m'misewu ndi m'malo achisangalalo. M'chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mumzinda wa Blantyre ndipo anajambula nyimbo zawo. Mu 1972 anyamatawa anakaimba ku Nairobi ndi ku Ulaya, ndipo mu 1974 Kubik anatulutsa buku lofotokoza za gulu lawo.

Kodi chinsinsi cha Daniel chinali pati? Gitala lake linkakhala ndi nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi, koma luso lenileni linali podziwa ntchito ya kodi iliyonse. Kodi ndi mawu atatu kapena anayi olira pamodzi, ndipo nyimbo zambiri za kwela zimazungulira pa makodi atatu okha: C, F ndi G7.

Amene anaimbapo kwaya samvutika kumva izi. Kodi ya C ili ndi do, mi ndi so. Apa ndiye pakhomo, pomwe nyimbo imapumira. Ya F ili ndi fa, la ndi do. Iyi imakhala ngati munthu wanyamuka ulendo. Ya G7 ili ndi so, ti, re ndi fa, ndipo ndiyo imabweretsa chilakolako chobwerera kwanu. Chifukwa chake n'chakuti ti amafuna kukwera pang'ono kuti afike pa do, pomwe fa amafuna kutsikira pa mi. Awiriwa akasuntha chonchi, khutu limamva kuti tafika.

Oimba jazi ku America amayendanso njira yomweyi, kungoti pamalo pa F amakonda kuikapo D minor. Kodi imeneyi ili ndi re, fa ndi la, kutanthauza kuti mawu ake awiri ndi omwe ali mu F. N'chifukwa chake ziwirizi zimatha kubwerekana ntchito popanda nyimbo kusokonekera.

Podziwa kuti mkombero wa makodiwo susintha, Daniel ankapeza ufulu wosewera pamwamba pake. Chala chachikulu chinkayendetsa mawu a besi, chala cholozera n'kumatola mawu ang'onoang'ono, moti womvera pa wailesi ankaganiza kuti akuimba anthu awiri. Mwa njira imeneyi ankaimba zamba monga sinjonjo, lumba ndi simanjemanje.

Daniel anamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40 zokha. Donald anapitiriza kuimba kwela m'maiko osiyanasiyana mpaka pomwe naye anatisiya mu 2001.

Lero nyimbo zambiri zimaphikidwa pa kompyuta, ndipo n'zotheka kutulutsa chimbale osadziwa chomwe chimachititsa kuti kodi ina iitane inzake. Pamenepa ndi pomwe mbiri ya Kachamba ikutiphunzitsa kanthu. Makolo omwe ali ndi mwana wokonda kukhwacha gitala asathamangire kumulanda. Amulimbikitse kumvetsera bwino nyimbo za mkuluyu, chifukwa makodi atatu omwewo ndi omwe anatengera mwana wa kwa Singano kutsidya kwa nyanja.