MBIRI YA DR. DAVID LIVINGSTONE, MWANA WA WOGULITSA TIYI

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za munthu amene dzina lache mulidziwa nonse, koma chiyambi chache achidziwa ndi owerengeka. Ife a kuno ku Thyolo, okhala pakati pa minda ya tiyi, tiyenera kuchidziwa koposa ena, pakuti atate wa munthuyo anali wogulitsa tiyi, ndipo mwini wache anakulira m'fakitale.

Chaka cha 1813 chinali chaka cha nkhondo ku Ulaya. Napoleon, mfumu yaikuru ya ku France, anali atagonjetsa mitundu yambiri, koma chaka cha 1812 ankhondo ache anathera m'chisanu cha ku Russia. Pamenepo mafumu ena analimba mtima namuukira. Mwezi wa June ankhondo a Wellington anathyola Afalansa pa Vitoria, m'dziko la Spain. Mwezi wa October, kuyambira tsiku la 16 kufikira la 19, asilikari oposa 500,000 anamenyana pa mzinda wa Leipzig. Akufa ndi olasidwa anaposa 80,000, ndipo Napoleon anathawira kwao. Tsidya lija la nyanja yamchere, Angerezi anali kumenyananso ndi Amereka.

M'chaka chomwecho munachitikanso zina zopanda phokoso. Boma la ku England linaika lamulo lolola amishoni kulowa m'dziko la India. Adoniram Judson anafika ku Rangoon kukayamba ntchito ya Mulungu m'dziko la Burma. Robert Morrison anatsiriza kumasulira Chipangano Chatsopano m'chinenero cha ku China. Ndipo mbusa wina, John Campbell, anayenda pa ngolo ya ng'ombe kufikira ku Dithakong, kwa mfumu Mothibi ya Atswana, napempha malo a aphunzitsi. M'pempho limenelo munaturuka mishoni ya Kuruman. Anabadwanso ana amene anadzamveka pambuyo: Richard Wagner ndi Giuseppe Verdi, opeka nyimbo, Henry Bessemer, wopeza njira yatsopano yoyengera chitsulo, Isaac Pitman, wopeka malembedwe achidule. Kuno kwathu Amang'anja anali pansi pa ufumu wa Lundu, nalima thonje, nasula makasu; Angoni anali asanaoloke Zambezi, pakuti anaoloka mu 1835.

Tsono pa 19 March 1813, m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, munabadwa mwana wamwamuna wa Neil Livingstone ndi mkazi wache Agnes Hunter. Banja lonse linali kukhala m'chipinda chimodzi, m'nyumba za antchito a fakitale ya thonje. Atate wache anali kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi, ndipo pogulitsapo anali kugawira anthu timabuku ta Mau a Mulungu. Malondawo sanamlemeretse konse. Chifukwa chache David, pokhala wa zaka 10, analowa ntchito m'fakitale.

Ntchito yache inali yolumikiza ulusi umene uduka pa makina opota. Anali kuyamba 6 koloko mamawa naweruka 8 koloko usiku, masiku 6 pa sabata. Poweruka anali kunka ku sukulu ya usiku kufikira 10 koloko, ndipo pofika kunyumba anali kuwerengabe, kufikira amache atamlanda buku kuti agone. Pa malipiro a sabata lache loyamba anapatulapo zina nagula buku lophunzirira Chilatini. Atakula, anali kutsamiritsa buku pa makina, nawerenga mau pang'ono nthawi iri yonse podutsapo. Inu amene muthyola tiyi kuyambira mame asanaume, ndi inu a m'fakitale amene mudziwa phokoso la makina, mungathe kuyesa nokha kulemera kwache kwa kuphunzira kotere.

Atayandikira zaka 20 mtima wache unapeza mtendere mwa Kristu. Anamva kuti ku China kufunika amishoni odziwa mankhwala, natsimikiza mtima kuphunzira udotolo. Mu 1836 analowa sukulu ya Anderson ku Glasgow, nalipira ndi ndalama zimene anasunga m'fakitale, ndipo pakutsekera sukulu anali kubwerera ku makina ache. A London Missionary Society anamlandira, koma nkhondo ya Angerezi ndi a ku China inatseka njira. Pomwepo anakomana ndi Robert Moffat wa ku Kuruman, mishoni ija imene chiyambi chache chinali m'chaka cha kubadwa kwache. Anachoka kwao mu December 1840, nafika ku Kuruman mu July 1841.

Mu 1844, ali ku Mabotsa, mkango unamgwira numtafuna dzanja lamanzere. Amene anampulumutsa ndiye mphunzitsi wachikuda, dzina lache Mebalwe, amene anayesa kuombera mkangowo, ndipo unasiya mzungu nulumphira iye. Onse awiri anachira, koma fupa la Livingstone silinalumikizike bwino kufikira imfa yache. Mu 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffat. Ku Kolobeng anabatiza mfumu Sechele ya Akwena mu 1848. Tinene zoona: pa zaka zache zonse za ku Afrika, munthu wodziwika bwino kuti anatembenuka ndi kulalika kwache ndiye Sechele yekhayo. Mlaliki amene adandaula kuti kalasi lache liri ndi anthu ochepa akumbukire ichi.

Mtima wache unali kumkokera kumpoto. Mu 1849 anaona nyanja ya Ngami, ndipo mu 1851 anafika pa Zambezi, m'dziko la Amakololo. Mfumu yao Sekeletu inampatsa anthu ndi chuma cha paulendo. Ndi anthu amenewo anayenda kufikira ku Luanda, pa nyanja yamchere ya kumadzulo, mu May 1854. Kumeneko anafika wodwala ndithu, ndipo anamuitana akwere chombo anke kwao. Koma anakana, popeza analonjeza Amakololo kuwabwezera kwa mfumu yao. Atawabweza anatsata Zambezi kunka kum'mawa, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, nawatcha Victoria, nafika ku Quelimane mu May 1856. M'maulendo amenewa anaona malonda a akapolo, naganiza kuti mankhwala ache ndi awiri: Uthenga Wabwino, ndi malonda oongoka, kuti mafumu apeze nsalu pogulitsa thonje m'malo mwa anthu. Mau amenewa anawanena ku Cambridge mu December 1857, ndipo anautsa mishoni ya Universities.

Tsopano tifike kwathu. Mu 1858 anabweranso, wotumidwa ndi boma la England, pamodzi ndi mng'ono wache Charles ndi Dr. John Kirk. Anayembekeza kuti Zambezi adzakhala mseu wa zombo, koma mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, anamtsekera. Ndicho chifukwa chache anakhotera mu Shire mu January 1859. Amene akwera phiri la Thyolo tsiku lopanda nkhungu aona chigwa chimene chombo chache Ma Robert chinadutsamo. Anapalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa, nasiya chombo pa mudzi wache, nakwera mapiri pansi. Mu April anaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, ndipo mu September chaka chomwecho anafika pa nyanja ya Malawi. Anakondwera ndi dziko la mapiri lino, la madzi ambiri ndi mphepo yozizira, nalembera kwao kuti ndi malo oyenera mishoni.

Mu July 1861 anakwera mapiriwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Ali m'mudzi wa Mbame, anafika ogula anthu ali ndi akapolo 84: amuna m'magoli, akazi ndi ana omangidwa zingwe. Oyang'anira akapolowo, poona azungu, anathawira kuthengo. Zingwe anazidula ndi mipeni, magoli anawacheka ndi sowo, ndipo nsalu za ogula anthu anaveka nazo akazi ndi ana. Anthu amenewa, ndi ena omasulidwa masiku otsatira, ndiwo anayamba mudzi wa mishoni ku Magomero. Mwa iwo munali kamnyamata ka Chiyao, dzina lache Chuma. Musaliiwale dzina limeneli.

Koma zotsatira zache zinali zowawa. Nkhondo ndi njala zinapasula midzi. Bishopu Mackenzie anafa ndi malungo pa 31 January 1862, pamene Ruo athira mu Shire. Mary Livingstone anafa ku Shupanga pa 27 April chaka chomwecho. Chilala chinagwa, ndipo mitembo inali kuyandama mu Shire. Mishoni inachoka, boma linaitana Livingstone abwerere, ndipo ambiri kwao anati ulendo wonse unapita pachabe. Amakololo ena anatsala kuchigwa, monga Kasisi, Chipatula ndi Masea, nasanduka mafumu. Sitibisa kuti Livingstone anali nazo zolakwa zache. Anali wouma mtima pa zimene anatsimikiza, anakangana ndi azungu anzache ambiri, anapeputsa kuopsa kwa malungo ndi nkhondo poitana amishoni, ndipo mkazi wache ndi ana ache anasauka zaka zambiri iye ali kutali.

Mu 1866 anayamba ulendo wache wotsiriza, kufuna magwero a mtsinje wa Nile. Anakwera ndi Rovuma, napita kwa Mataka ndi kwa Mponda, naloza kumpoto. Bokosi lache la mankhwala linabedwa, ndipo anthu ache ambiri anamthawa. Mu July 1871, pa msika wa ku Nyangwe, anaona ogula akapolo alikuombera anthu mazana, ambiri a iwo akazi, ndipo analemba zonse. Kumapeto kwa chakacho Henry Stanley anampeza ku Ujiji, atatsala mafupa okha, namdandaulira abwerere kwao, koma anakana. Pomalizira anthu ache anamnyamula pa machira m'madambo a Bangweulu, nafika naye kwa mfumu Chitambo ku Ilala. M'bandakucha wa pa 1 May 1873 anampeza atagwada pambali pa kama, mutu uli m'manja, atamwalira. Anali ndi zaka 60.

Chimene anachita anyamata ache ndicho chosaiwalika. Akadafuna, akadamuika pompo, nagawana katundu, nabalalika. Koma Susi ndi Chuma, mnyamata uja womasulidwa m'mapiri athu ano, anasonkhanitsa anzao napangana kumtengera kwao. Mtima wache anauika patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright anawerenga mapemphero a maliro nalemba dzina pa mtengowo. Thupi analithira mchere naliyanika masabata awiri, nalikulunga, naliyendetsa mailosi oposa 1,000, miyezi 9, kufikira ku Bagamoyo mu February 1874. Ena a iwo anafera m'njira. Ku London madotolo anamzindikira ndi fupa lija la mkango, ndipo anamuika mu Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Imfa yache inachita zimene moyo wache unalephera. Patangopita masabata 5, Dr. Kirk anapangana ndi Sultani wa ku Zanzibar, ndipo msika waukuru wa akapolo unatsekedwa. Mu 1875 a Livingstonia anafika pa nyanja ndi chombo chotchedwa Ilala. Mu 1876 Henry Henderson, potsogozedwa ndi Tom Bokwito, womasulidwanso m'masiku a Magomero, anasankha malo pafupi ndi phiri la Ndirande, ndipo mishoniyo anaitcha Blantyre, dzina la mudzi wa kubadwa kwache. M'munda wa mishoni imeneyo ndimo munamera mitengo yoyamba ya tiyi m'dziko lino. Mbeu zache zinanka ku Mulanje mu 1891, ndipo pambuyo pache tiyi anafika kuno ku Thyolo.

Sitinena kuti zonse zotsata mapazi ache zinali zokoma. Magoli anatha, koma nthaka yambiri ya m'mapiri muno inagwa m'manja mwa azungu a minda, ndipo makolo athu, Amang'anja ndi Alomwe ochokera ku Mozambique, analawa kuwawa kwa thangata zaka zambiri. Malonda oongoka amene iye anawalakalaka sanafike monga anayembekezera. Koma sukulu inafika, chipatala chinafika, ndi Buku Lopatulika m'chinenero chathu, ndipo palibenso mai amene aopa kuti mwana wache adzagwidwa pa chitsime nakagulitsidwa ku gombe.

Tsono, abale, lingalirani. Munthu akadafunsa mu 1813 kuti wamkuru wa chaka chino ndani, onse akadatchula Napoleon. Koma iye anafera m'ndende pa chisumbu cha St Helena mu 1821, ndipo m'midzi mwathu adziwa dzina lache ndi ochepa. Palibe akadaloza kachipinda ka wogulitsa tiyi. Inu atate ndi amai a m'minda ya tiyi, musayese mwana wanu chabe chifukwa abadwira m'nyumba ya pa esiteti. Musamchotse pa sukulu chifukwa cha phindu la dengu limodzi la masamba. Neil ndi Agnes analibe ndalama, koma m'nyumba mwao munali pemphero ndi buku, ndipo izi muli nazo inunso. Ndipo ife aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, amene maina athu salembedwa pa miyala, tikumbukire Mebalwe, Susi ndi Chuma. Pakuti popanda iwo mbiri iyi ikadathera pakamwa pa mkango, kapena m'dambo la kwa Chitambo. Ambuye atithandize kukhala okhulupirika pa ntchito imene atipatsa.