Makalata a Jinnah ali pasukulu ku London

Ambiri timamudziwa Muhammad Ali Jinnah monga tate wa dziko la Pakistan. Sitikumbukira kawirikawiri kuti njira ya moyo wake inakhota kudzera m'makalata amene ankalemberana ndi bambo ake pamene anali wophunzira.

Jinnah anabadwira ku Karachi mu 1876, m'banja la wamalonda Jinnahbhai Poonja ndi mkazi wake Mithibai. Mu 1892, Frederick Croft, mnzawo wa bambo ake pa zamalonda, anamupezera malo ophunzirira ntchito ku kampani ya Graham's ku London. Mayi ake analola monyinyirika, ndipo anaonetsetsa kuti ayambe wakwatira mtsikana wotchedwa Emibai. Atatero, mnyamatayu anakwera sitima ya pamadzi ali ndi zaka pafupifupi 16.

Asanakhalitse ku London, anasiya ntchitoyo n'kuyamba maphunziro a zamalamulo ku Lincoln's Inn. Nkhaniyi itafika kwawo, bambo ake anapsa mtima, pakuti anamutumiza kukaphunzira malonda ndipo ndalama zimene anamupatsa zinali za zaka zitatu zokha. Jinnah sanasinthe maganizo. Anapitiriza maphunzirowo akusamala ndalama zomwezo.

Uthenga wochokera kwawo unabweretsanso misozi. Emibai anamwalira, mayi akenso anamwalira, iye ali kutsidya kwa nyanja kosatheka kunyamula nawo jeneza.

Chiyeso china chinadza pamene gulu la zisudzo linamulemba ntchito. Mlongo wake Fatima akufotokoza m'buku lake lotchedwa My Brother kuti Jinnah analembera kwawo kupempha madalitso. Bambo ake anamuyankha ndi kalata yaitali yomuchenjeza kuti asakhale wopandukira banja lake. Ulendo uno anamvera, ndipo anapempha eni gululo kuti amumasule.

Anabwerera kwawo mu 1896 ali loya, n'kupeza malonda a bambo ake atalowa pansi. Anasamukira ku Bombay, kumene anatchuka m'makhoti asanalowe kwathunthu m'ndale. Mu Ogasiti 1947 anakhala bwanamkubwa woyamba wa Pakistan, ndipo anamwalira pa 11 Seputembala 1948.

Tikaona bwino, mwanayu anakana mawu a bambo ake kamodzi, nawamvera kamodzi. Akanagonja pa nkhani ya malamulo, akanathera m'malonda. Akanauma mutu pa nkhani ya zisudzo, akanathera pabwalo la masewero. Ife amene ana athu ali kusukulu zakutali tiphunzirepo kuti kulankhulana kusaduke, ngakhale titasemphana nawo maganizo.