Alfred Nobel: Mkulu yemwe adaweta moto woswera miyala

Aliyense amene adaonapo amayi ndi abambo akuswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu akudziwa kuti thanthwe silimva zonyengerera. Ena amayamba alitentha ndi nkhuni kapena matayala kuti ling'aluke, kenako n'kumaligogoda ndi hamala mpaka dzuwa kulowa.

Koma m'migodi ikuluikulu ndi pomwe akulambula misewu m'mapiri, thanthwe ngati lomwelo limagumuka nthawi imodzi. Luso limeneli lidachokera kwa Alfred Nobel, mkulu wa ku Sweden yemwe kafukufuku wake adamutayitsa mng'ono wake.

Nobel adabadwa pa 21 October, 1833 mumzinda wa Stockholm. Chaka chomwecho bizinesi ya bambo ake, Immanuel Nobel, idagwa ndipo banjalo lidalowa muumphawi. Mwa ana asanu ndi atatu omwe adabadwa m'banjamo, anayi okha ndiwo adakula.

Bambowo adakasaka mwayi ku St Petersburg m'dziko la Russia, komwe adatsegula fakitale yopanga zipangizo za asilikali, kuphatikizapo mabomba otchera m'madzi. Zinthu zitayamba kuyenda, banja lonse lidawatsatira mu 1842. Kumeneko Alfred adaphunzitsidwa ndi aphunzitsi obwera pakhomo, ndipo pofika zaka 17 n'kuti akuyankhula zinenero zisanu.

Cha m'ma 1850 adapita ku Paris kukaphunzira za kasakanizidwe ka mankhwala. Uko adakumana ndi Ascanio Sobrero wa ku Italy, yemwe zaka zochepa m'mbuyomo adatulukira mankhwala amadzimadzi otchedwa nitroglycerin.

Mankhwalawa adali ndi mphamvu zoposa wonga womwe anthu ankaswera miyala nthawiyo, koma adali osapanganika. Kungogwedezeka kwambiri kapena kutenthedwa, ankaphulika okha. Sobrero mwini wake ankawaopa ndipo ankachenjeza anthu kuti asawagwiritse ntchito.

Nkhondo ya ku Crimea itatha mu 1856, boma la Russia lidasiya kugula katundu wa banjali ndipo bizinesi idagwanso. Makolo ake adabwerera ku Sweden, ndipo Alfred adaika mtima wake wonse pa funso limodzi: kodi nitroglycerin angaphulitsidwe bwanji pa nthawi yomwe munthu wafuna, osati pomwe mankhwalawo afunira?

Yankho loyamba adalipeza mu 1863 pomwe adapanga kachipangizo koyatsira. Mu 1865 adakakonzanso kukhala kachitsulo kokhala ndi mankhwala ochepa omwe akaphulika amadzutsa mankhwala aakuluwo. Nzeru imeneyi ndiyo ikugwirabe ntchito m'migodi mpaka lero.

Koma chisoni chidagwa pakati pa zaka ziwirizi. Pa 3 September, 1864 nyumba yomwe ankapangiramo mankhwalawa ku Heleneborg mumzinda wa Stockholm idaphulika ndi kupha anthu asanu. Mmodzi mwa iwo adali mng'ono wake Emil, mnyamata wa zaka 20. Patangopita nthawi yochepa, bambo ake adadwala matenda ofa ziwalo.

Akuluakulu a mzinda adaletsa kupangira mankhwalawa pafupi ndi nyumba za anthu. Wina akadagwa mphwayi, koma Nobel adasamutsira ntchito yake pabwato lomwe adaliimika panyanja ya Mälaren.

Ngozi sizidalekere pomwepo. Mu 1866 fakitale yake ya ku Krümmel, kufupi ndi Hamburg ku Germany, idaphulika. Chaka chomwecho bokosi la nitroglycerin lidaphulika mumzinda wa San Francisco ku America ndi kupha anthu. Maiko ena adayamba kukhwimitsa malamulo pa mankhwalawa.

Apa Nobel adazindikira kuti vuto lagona pa kukhala kwake amadzimadzi. Adayesa kuwamwetsa mu zinthu zosiyanasiyana monga makala ndi utuchi, mpaka adapeza dothi lopepuka lotchedwa kieselguhr lomwe limamwa madzi ngati thonje.

Atasakaniza magawo atatu a nitroglycerin ndi gawo limodzi la dothilo, padatuluka phala lomwe ankatha kuliumba ngati timitengo, kulinyamula pangolo ndi kulilowetsa m'mabowo obooledwa pathanthwe. Mu 1867 adalembetsa luso lakeli m'dzina loti dynamite, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mphamvu.

Mu 1875 adatulukiranso mtundu wina wonga phula wotchedwa gelignite, wamphamvu kwambiri komanso wotha kuphulika ngakhale m'malo a madzi.

Ntchito zomwe zinkaoneka zosatheka zidayamba kutheka. Njanji ya Gotthard ku Switzerland, yodutsa pansi pa phiri mtunda wa makilomita 15, idabooledwa ndi dynamite ndipo idatsegulidwa mu 1882.

Kuno kummwera kwa Africa, fakitale yaikulu ya dynamite idatsegulidwa ku Modderfontein kufupi ndi Johannesburg mu 1896 kuti izithandiza migodi ya golide. Iyi ndi migodi yomwe pambuyo pake agogo athu ambiri adakagwirako ntchito paulendo wa ku Joni.

Nobel adalemera kwabasi. Adali ndi mafakitale pafupifupi 90 m'maiko oposa 20 ndipo adalembetsa maluso 355. Komabe sadakwatire, ankadwaladwala ndipo ankakonda kukhala yekha n'kumawerenga mabuku.

Mbiri yake ili ndi mbali ina yowawa. Mu 1887 adapanga wonga wa mfuti wosatulutsa utsi wambiri wotchedwa ballistite, ndipo mu 1894 adagula kampani ya Bofors yopanga mizinga. Chuma chake china chidachokera ku zida zophera anthu.

Chikhalirecho, mnzake wapamtima adali Bertha von Suttner wa ku Austria, mayi yemwe adamugwirirapo ntchito ya ulembi kwa nthawi yochepa mu 1876 ndipo kenako adatchuka polimbana ndi nkhondo. Awiriwa ankalemberana makalata kwa zaka zambiri.

Pa 27 November, 1895 ali ku Paris, Nobel adasaina wilu yomwe idadzidzimutsa abale ake. Adalamula kuti gawo lalikulu la chuma chake, ndalama za ku Sweden zoposa 31 miliyoni kronor, lisungidwe ndipo phindu lake lizipita kwa anthu ochita zothandiza mtundu wa anthu pa sayansi, zachipatala, zolembalemba ndi mtendere.

Chodabwitsa n'chakuti atayamba kuvutika ndi mtima, madokotala adamulembera nitroglycerin yemweyo ngati mankhwala. Adamwalira pa 10 December, 1896 ku San Remo m'dziko la Italy ali ndi zaka 63.

Abale ena adatsutsa wiluyo, koma mphoto zoyamba zidaperekedwa mu 1901. Von Suttner adalandira ya mtendere mu 1905. Ku Africa kuno yafikapo kwa Albert Luthuli, Desmond Tutu mu 1984, Nelson Mandela ndi F.W. de Klerk mu 1993 komanso Wangari Maathai wa ku Kenya mu 2004.

Masiku ano migodi yambiri idasiya dynamite ndipo imagwiritsa ntchito mankhwala ena osaphulika chisawawa, okhala ndi ammonium nitrate. Akatswiri akufufuzabe njira zochepetsera fumbi, utsi woipa, kuwonongeka kwa madzi ndi kugwedezeka kwa nthaka komwe kumang'amba nyumba za anthu oyandikana ndi migodi.

Funso lawo ndi lomwe lija lidamusowetsa tulo Nobel atataya Emil: kuswa thanthwe popanda kutaya moyo wa munthu.